Musanatchule Mtengo wa Kobiri, Funsani Chatsitsa Dzaye

Ana anga, masiku ano kwabuka mphekesera yoti ndalama yachitsulo ikangokhala ndi chilema, mwini wake walemera. Wina akapeza kobiri lopindika pa chenji, kapena lofufutika chilembo chimodzi, amalijambula pa foni n'kuyamba kufunsa amene angaligule ndi madola. Chimene chikupweteka anthu n'chakuti mphekeserayi ili ndi choonadi pang'ono. Ku America, ku Britain ndi kwina kulidi anthu osonkhanitsa ndalama zachitsulo, ndipo amalipira bwino akapeza ndalama imene inalakwika posulidwa. Koma ndalama zambiri zooneka zachilendo zimene anthu amatola sizinalakwike posulidwa ayi. Zinavulala zitatuluka kale: m'matumba, pamsewu, pamoto, m'nthaka, mwinanso m'manja mwa munthu wofuna kudyera mnzake masuku pamutu. Zolakwika posulidwa zili ndi msika wake. Zovulala zilibe, ndipo kuvulalako kumatsitsa ngakhale mtengo umene ndalamayo inali nawo.

Akuluakulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Musayambe ndi kufunsa kuti kobiri ili ndi la ndalama zingati. Yambani ndi kufunsa kuti chilemachi chinabwera bwanji, ndipo chinabwera liti, ndalama ili m'makina kapena itatuluka. Ngati simungathe kufotokoza mmene makina akanachitira zimene mukuonazo, dziwani kuti makina sanachite.

Tsono kuti muyankhe funsoli muyenera kudziwa mmene ndalama imasulidwira. Kufakitale yosula ndalama, monga Royal Mint ya ku Llantrisant ku Wales, kapena za ku Philadelphia ndi ku Denver ku America, amayamba ndi mpukutu wa chitsulo chophwatalala. Makina amadulapo tizitsulo tozungulira topanda chilembo chilichonse. Tizitsuloti timadutsa m'makina ena otukula mkombero. Kenako kamodzikamodzi kamagwera pakati pa zidindo ziwiri za chitsulo cholimba, china pansi china pamwamba, ndipo mphete yachitsulo imakagwira m'mbali kuti kasafalikire. Zidindo zikamenya ndi mphamvu ya matani ambirimbiri, chitsulo chimalowa m'maenje onse ogobedwa pa chidindo, ndipo nkhope, zilembo, chaka ndi timizere ta m'mphepete zimatuluka nthawi imodzi. Makina amasiku ano amamenya ndalama mazana angapo pa mphindi imodzi. Choncho polakwikira ndi patatu basi: pa kachitsulo kasanadindidwe, pa chidindo, kapena pa kamenyedwe. China chilichonse chochitika ndalama itachoka pakati pa zidindo ndi kuvulala, ngakhale chitachitikira m'fakitale momwemo. Ndalama zatsopano zimagundana zikamagwera m'matumba aakulu, ndipo timabala timene zimasiyirana sitiwonjezera mtengo.

Amene anaumbapo njerwa andimva msanga. Chikombole chikang'aluka, dothi limalowa mumng'aluwo, ndipo njerwa iliyonse yotuluka mmenemo imakhala ndi kamzere kotukuka pamalo amodzimodzi. Koma njerwa yobenthuka potsitsa m'ngolo imabenthuka yokha, zinzake zili bwinobwino. Chidindo cha ndalama n'chimodzimodzi. Chimene chalowa mkati pa chidindo chimatukuka pa ndalama, ndipo chimabwerezedwa pa ndalama zonse zimene chidindocho chamenya. Ndiye chifukwa chake chilema chenicheni cha chidindo chimakhala ndi abale ake, ndipo akatswiri anachilemba kale m'mabuku ndi zithunzi zake. Chilema chopanda m'bale, chopezeka pa kobiri lanu lokha, muzichikayikira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pafupi ndi zenera m'mawa, kapena pansi pa nyale imodzi, mutagwira ndalamayo m'mbali ndi zala ziwiri. Pezani galasi lokulitsa zinthu kasanu kapena kakhumi, ngati lija la okonza mawotchi. Pendeketsani ndalamayo pang'onopang'ono kuti kuwala kuziyenda pamwamba pake. Mukaona mzere, funsani ngati watukuka kapena wakumbika. Mng'alu wa chidindo umasiya mzere wotukuka, wokhotakhota, wa mtundu wofanana ndi ndalama yonse, ndipo kawirikawiri umayambira kumkombero. Chokanda cha mpeni kapena msomali chimakumba kangalande, ndipo chitsulo chimene chachoka m'ngalandemo mudzachiona chitaunjikana m'mbali mwake, chifukwa chitsulo sichisowa, chimangosuntha. Mkati mwa bala latsopano mumawala mbee kusiyana ndi pena ponse. Onaninso kumene mzerewo wadutsa. Chokanda chimakwera pamwamba pa zilembo ndi pa tsaya la nkhope, chifukwa malo otukuka ndiwo amayamba kukumana ndi zinthu. Timizere tobwera popukuta chidindo kufakitale timayenda pamalo osalala okha, tikafika pa chilembo n'kuima.

Tiyeni tione zenizeni, zimene dziko lonse la osonkhanitsa ndalama limazidziwa.

M'chaka cha 1955, ku Philadelphia, chidindo chimodzi cha kobiri la senti imodzi, lija lili ndi nkhope ya Abraham Lincoln, chinagobedwa kawiri, ndipo ulendo wachiwiri chinasunthako pang'ono. Makobiri onse amene chinamenya anatuluka ndi chaka cholembedwa pawiri, mawu a LIBERTY pawiri, ndi mawu a pamwamba pawirinso. Anthu a kufakitale atazindikira, makobiri pakati pa 20,000 ndi 24,000 anali atasakanikirana kale ndi ena abwino, ndipo anawalola kuti apite kwa anthu. Ambiri anapezeka kumpoto chakum'mawa kwa America, ena ali m'mapaketi a ndudu, mmene ankaikamo chenji pogulitsa pa makina. Kobiri limeneli, limene ogula amalitcha doubled die, silisowa galasi. Manambala onse awiri a chaka amaoneka padera, onse otukuka, onse odzaza bwino, ndipo nsonga za zilembo zimagawanika.

Koma pali kuwirikiza kwina kumene kwapusitsa anthu osawerengeka. Nthawi zina chidindo chimagwedezeka pochoka pa ndalama, n'kukankha m'mbali mwa chilembo. Pa galasi mudzaona ngati kasitepe kophwatalala pambali pa chilembocho, ndipo chilembo chenichenicho chimakhala chitachepa, chifukwa chadyedwa mbali imodzi. Kuwirikiza kwenikweni kumanenepetsa chilembo, uku kumachionda. Ngakhale kuti kunachitikira m'makina, ogula sakuwerengera. M'chaka chomwecho cha 1955 munatulukanso makobiri ambiri ochokera ku zidindo zotopa, amene nambala yomaliza imaoneka ngati ili ndi chithunzithunzi, ndipo mtengo wake ndi wochepa zedi. Apa mumve bwino, adzukulu anga: si chilema chilichonse cha kufakitale chimene chili ndi ndalama. Timing'alu tating'ono, chilembo chosamveka chifukwa girisi anatseka chidindo, timatuza totupa pa makobiri a ku America osulidwa kuyambira 1982, amene mkati mwake ndi zinki wokutidwa ndi mkuwa, zonsezi n'zochuluka kwambiri moti palibe amazithamangira. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa, kuoneka bwino, ndi kukhalapo kwa anthu ochifuna.

Nkhani imene ndimafuna mwana aliyense aidziwe ndi ya njati ya miyendo itatu. Ndalama ya masenti asanu ya ku America inali ndi njati ya kumeneko kumbuyo kwake. M'chaka cha 1937, ku Denver, chidindo china chinaonongeka, ndipo wantchito anachipala kuti achikonze. Anapala mopitirira, mpaka mwendo umodzi wakutsogolo wa njatiyo unafufutika, kutsala chiboda chokha pansi. Ndalama zimenezi zitatchuka, atambwali anatenga tupa n'kuyamba kudula miyendo pa ndalama zabwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Akatswiri sayang'ana pamene pasowa mwendo pokha. Amayang'ana zizindikiro zina za chidindo chotopacho: mwendo wakumbuyo umaoneka wodyekadyeka, ndipo pansi pa mimba ya njati pali kamzere ka timadontho totukuka kotsikira pansi. Munthu wa tupa angathe kuchotsa chitsulo, koma kuika timadontho totukuka timene tupa sapanga, kumeneko ndiye amagwidwira. Pamene papalidwa pamakhalanso timikwingwirima tolunjika mbali imodzi, ndipo pamawala mosiyana ndi pozungulira.

Ndiye pali kobiri la 1943. Chaka chimenecho, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, America inkafuna mkuwa wopangira zida, choncho makobiri a senti imodzi anasulidwa ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki, ooneka otuwa. Koma tizitsulo tamkuwa towerengeka ta chaka cha 1942 tinatsalira m'makina n'kudindidwa ndi chaka cha 1943. Limodzi lokha la ku Denver limene likudziwika linagulitsidwa pa mtengo wa madola 1.7 miliyoni m'chaka cha 2010. Mtengo ngati umenewu umaitana akuba, ndipo makobiri abodza a 1943 ndi ochuluka kuposa enieni kutalitali. Ena anatenga la chitsulo n'kulikuta ndi mkuwa. Ena anatenga la 1948 n'kupala nambala 8 kuti ioneke ngati 3. Mayeso ake ndi a ndalama zochepa. Lokutidwalo limakakamira ku maginito kuti kakaka, lamkuwa lenileni silikakamira. Pa sikelo, lamkuwa limalemera magalamu 3.11, lachitsulo 2.7. Sikelo yaing'ono yoyeza mpaka manambala awiri kutsogolo kwa kadontho, ngati ya ogulitsa miyala yamtengo wapatali, yathetsa mikangano yambiri kuposa pakamwa.

Musatengere pamenepo kuti maginito amanena chimodzi pa ndalama iliyonse. Ku Britain, 1p ndi 2p zakhala za chitsulo chokutidwa kuyambira 1992, ndipo 5p ndi 10p kuyambira 2012. Kukakamira kwake si chilema. Muziyamba mwadziwa mmene ndalama ya chaka chimenecho iyenera kukhalira, kulemera kwake, kukula kwake ndi chitsulo chake. Munthu amene sadziwa yabwino sangazindikire yolakwika.

Kwa ana athu amene ali ku Britain, yanu ndi 20p ya 2008. Chaka chimenecho Royal Mint inasintha kaonekedwe ka ndalama. Kale chaka chinkalembedwa kumbuyo, kumene kuli duwa lovala chisoti. Pa zatsopano, kumbuyo anaikako chidutswa cha chishango cha ufumu, chaka n'kuchisamutsira ku nkhope ya Mfumukazi. Wina anaphatikiza chidindo chakale cha nkhope, chopanda chaka, ndi chatsopano cha chishango, chopandanso chaka. Zinatuluka ndalama zosakwana 250,000 zopanda chaka mbali zonse. Koma taonani mmene anthu amasocherera: amatenga 20p yakale, aona kuti ku nkhope kulibe chaka, basi mtima uli m'mwamba, osatembenuza kuona kuti chaka chili kumene kuli duwa. Enanso amadabwa kuti mawu a m'mphepete mwa £2 yawo aima chadodolido. Mawu amenewo amalembedwa kachitsulo kasanafike pa zidindo, ndipo kamagwera mmene kagwera, choncho theka la ndalamazo limakhala choncho. Chimodzimodzi ndalama za ku America: mukazitembenuza cham'mbali, kumbuyo kumaoneka kozondoka, chifukwa iwo amasula motero dala. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Musamangomva kuti yakutiyakuti ikugulidwa, fufuzani kuti ndi iti kwenikweni.

Zovulala zimene zimaoneka ngati zodabwitsa sindichedwapo, chifukwa mukadziwa makina mudzazizindikira nokha. Ndalama imene inakodwa m'makina ochapira kapena oumitsira zovala, n'kumazungulira mmenemo miyezi, imatuluka ndi mkombero wonenepa wopindikira mkati, itachepa kukula. Mphete ya kufakitale situlutsa mkombero wopindikira mkati chotero. Yoviikidwa mu asidi imapyapyala mbali zonse, zilembo zili bii koma zonse zilipo. Ziwiri zopanikizidwa pamodzi ndi chopanira kapena zomenyedwa ndi hamala zimasiyirana zilembo zotembenuka, ndipo mbali inayo imaphwanyika. Ya mitu iwiri pafupifupi nthawi zonse ndi ndalama ziwiri zogobedwa n'kulumikizidwa, za anthu ochita masewera opusitsa maso. Msoko wake umabisala mkati mwa mkombero, ndipo mukaigwetsa pa simenti imalira mogontha. Yobenthuka m'mbali ndiyo imafuna diso. Ngati kachitsulo kanadulidwa molakwika kasanadindidwe, zilembo zoyandikana ndi pobenthukapo zimazilala pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri mkombero wa mbali yopenyana nayo umakhala wofooka. Yodulidwa ndi munthu imakhala ndi zilembo zakuthwa mpaka pamphepete penipeni pa bala.

Tsopano za kwathu. M'mabokosi a agogo ambiri muli makobiri oboola a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, amene anayamba kutuluka mu 1955: kobiri lokhala ndi njovu ziwiri, ndi theka lake lokhala ndi akadyamsonga awiri. Bowo limenelo si chilema, ndipo si mankhwala. Analiboola kufakitale, lili pakati penipeni, m'mbali mwake muli see, ndipo zojambula zonse zinakonzedwa kuti zilizungulire. Yerekezani ndi sheleni imene munthu anaiboola ndi msomali kuti aipachike pa chingwe: bowo lili cha kumtunda, ladula zilembo, ndipo kuseri chitsulo chatuluka ngati milomo. Iyo ndi yovulala. M'mabokosi omwewo mulinso ndalama za 1964 za nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda: sikisi wa tambala, sheleni ya chimanga, ya masheleni awiri ya njovu. Muli matambala a 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Dziko lathu lilibe fakitale yakeyake yosulira ndalama, zonsezi zinasulidwa kunja, ndipo zinasulidwa zambiri kuti zikwanire msika. Zambiri mwa zimene zatsala zinayenda m'manja zaka makumi, zina zinakwiriridwa, zina zinapsa ndi nyumba. Chilembo chofufutika pa ndalama yotere ndi kutha chabe, ndipo mudzaona kuti tsitsi, khutu ndi malo ena onse otukuka atha limodzi. Kwa a ku Joni ndinenenso kuti R5 ya 2008 yokumbukira zaka 90 za Nelson Mandela inasulidwa mamiliyoni ambiri kuti anthu azigulira zinthu. Imene yayenda m'matekisi ndi m'mashopu ndi R5 basi.

Izi sindikunena kuti muzinyoze. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Sheleni imene agogo anu analandira atagulitsa fodya kapena mtedza ndi mboni ya mbiri ya banja lanu, ndipo mwana wa sukulu akaigwira m'manja amamvetsa za ufulu wa 1964 kuposa kungomva. Chimene chimandiwawa n'kuona munthu akugulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti yokakumana ndi wogula amene sanamuonepo, kapena akutumiza ndalama pa foni kwa munthu amene akuti ayambe walipira ya kalembera asanagule kobiri lake. Wogula weniweni salipiritsa wogulitsa. Amafunsa chaka, kulemera, ndi zithunzi zooneka bwino za mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse: musatsuke. Ife tinaleredwa kuti chiwiya chabwino n'chowala, ndipo dzanja limathamangira phulusa, mchenga, ndimu kapena polishi. Pa ndalama, kumeneko n'kuononga. Zidindo zikamenya, chitsulo chimayenda n'kusiya khungu lopyapyala limene limanyezimira mozungulira mukapendeketsa ndalama. Mukakwecha, khungulo limachoka, m'malo mwake n'kutsala timikwingwirima zikwizikwi timene katswiri amationa asanatulutse n'komwe galasi. Madzi akatayika saoleka. Kuda kumene ndalama yamkuwa imada ndi zaka ogula amakukonda, n'kumene kumasonyeza kuti sinakhudzidwe. Makampani amene amayeza ndalama, monga PCGS yomwe inayamba mu 1986 ndi NGC ya mu 1987, amapereka nambala kuyambira 1 mpaka 70 malinga ndi mmene ndalama yasungikira. Koma yotsukidwa, yokandika kapena yoboola saipatsa nambala. Amangolemba vuto lake pa chikutiro, ndipo mtengo umagwa. Ngakhale ndalama yolakwikadi posulidwa, ikatsukidwa imataya gawo lalikulu la mtengo wake. Isungeni pouma, iliyonse m'kapepala kake kuti zisakhulane. Pewani timapulasitiki tofewa, chifukwa tina timatulutsa mankhwala amene amasiya zomata zobiriwira zodya chitsulo.

Safunsa anadya phula. Mukayeza, mukapenda pa galasi, mukayerekeza ndi inzake ya chaka chomwecho, n'kuona kuti chilemacho makina angachipangedi, pitani nayo kwa wogulitsa ndalama zakale wodziwika, wokhala ndi shopu yoti mungabwerereko, ndipo mumve maganizo a anthu awiri kapena atatu musanavomere mtengo. Kutumiza ku makampani oyeza aja kumalipiridwa, ndipo malipirowo pamodzi ndi positi nthawi zambiri amaposa mtengo wa ndalamayo, choncho musathamangire kumeneko. Ndipo inu amene mwazindikira kuti yanu ndi yovulala, musakaigulitse kwa mnzanu poitcha yolakwika posulidwa. Kumeneko n'kuba, ngakhale inu munaigula mopusitsidwa.

Lero lomwe, kauzeni amene akusunga makobiri a agogo kwanu kuti asawakhudze ndi phulusa, ndipo asapereke ndalama kwa aliyense amene akulonjeza kuwagula.